Piritsi Limene Mayi Kalekeni Ankanyema

Malemu athu, Mayi Ellen Kalekeni, aNachisale, anabadwa pa 9 June 1939 m'mudzi wa Chimkwita, m'boma la Ntcheu. Anali achitatu m'banja la ana asanu. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Goodwin Kalekeni wa ku Bowie kuno ku America, mng'ono wa amuna awo, malemu Bambo Fryson. Agona apawa ndi alamu anga, ndiye mukamva penapake ngati ndikuwanena, dziwani kuti n'chilamu. Akanakhala moyo akanandibwezera kawiri.

Abusa, akuluakulu a mpingo, amayi ndi abambo nonse, banja landituma kuti mbiriyi ndiinene yonse, osadumpha. Sabata yonseyi pa siwa takhala tikumva manong'onong'o. Ena akuti malemu ankanyozera mankhwala. Ena akuloza chala mayi wina amene wakhala pakati pathu pompano, ndipo mayiyo akumva. Zoona zake n'zakuti m'zaka zisanu zomaliza, moyo wa alamu anga unagona pa piritsi limodzi la m'mawa uliwonse, ndi pa khadi la boma limene linkalipira piritsilo. Yambani mwamva mmene zinayendera, kunong'onako muchite pambuyo ngati mphamvu zikhalapo.

Malemu anayamba sukulu mu 1947 pa mishoni ya Mlanda, ndipo anamaliza Sitandade 6 mu 1955. Amene anaphunzira nawo amati benchi sankadziwa ntchito yake. Mphunzitsi asanamalize funso iwo aimirira kale, yankho likhale loona kapena lolakwa. Mu 1956 anapita ku Zomba kwa azakhali awo kukaphunzira kusoka, ndipo pasanathe zaka ziwiri anali ndi makina awoawo pakhonde la sitolo ina, mkazi yekha pakati pa matelala aamuna. Pakhonde pomwepo ndi pamene achimwene anga, amene panthawiyo anali mlangizi wa zaulimi, anabwera ndi buluku long'ambika. Mawa lake anabweranso ndi lina. Atabwera ndi lachitatu, alamu anawauza kuti ngati nkhani ndi ukwati angonena, asamalize mabuluku a m'nyumba.

Ukwati wawo unadalitsidwa pa 12 August 1961. Mu 1963 Mulungu anawapatsa mwana wamwamuna, Thomas, ndipo mu 1966 wamkazi, Gwendoline. Gwendoline anamwalira ndi chikuku asanakwanitse zaka ziwiri, ali kumbuyo kwa mayi ake panjira yopita ku chipatala chimene chinali kutali. Malemu sankaikonda nkhani imeneyi, ndipo inenso ndiisiyira pomwepa.

Mu 1971 Bambo Fryson anapeza mwayi wodzapitiriza maphunziro a zaulimi pa yunivesite ya ku College Park kuno ku America, ndipo chaka chotsatira malemu anawatsatira pamodzi ndi Thomas. Kanyumba kawo ka zipinda ziwiri kanasanduka pofikira pa Mmalawi aliyense wotsika ndege. Ambiri a inu amene mwabwera lero ndi mataye ndi magalimoto aatali munagonapo pansi m'nyumba imeneyo, ndipo majekete anu oyamba a chisanu anakuchepetserani ndi manja awo. Sankakhala pansi ngakhale pakudya. Mlendo akutafuna, iwo ali chiimire kumbuyo kwake kuyang'ana ngati mbale yatsika.

Mu 1973 kunabadwa Sylvia. Pa mimba imeneyi madokotala anawapeza ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene tonse timangoti BP, nawauza kuti azimwa mankhwala moyo wawo wonse. Panthawiyo sinali nkhani yodetsa nkhawa, chifukwa inshuwalansi ya amuna awo inkalipira. Bambo Fryson anamaliza maphunziro mu 1975, napeza ntchito ya kafukufuku ndi mapepala okhala kuno. Za kubwerera kumudzi, mphepo ya kwathu ya zaka zimenezo mukuidziwa nonse, ndipo si ya pamaliro.

Mu January 1977, m'chisanu choopsa chija, galimoto ya Bambo Fryson inaterereka pamsewu wa Beltway, ndipo anamwalira asanafike kuchipatala. Tinawaika kumanda komwe tikupita lero. Patapita miyezi yochepa alamu anga anadziwa chinthu chimene palibe anawauzapo, chakuti inshuwalansi ija inali ya ntchito ya amuna awo, ndipo inapita nawo limodzi. Kwathu chipatala cha boma chikhoza kukhala kutali, mankhwala akhoza kusowa, koma ukafika umangoima pamzere. Kuno funso loyamba n'lakuti alipire ndani. Anasamukira ku Alexandria, ku nyumba ya lendi yotsikirapo, napeza ganyu pa shopu yochapa zovala, kusoka mabatani ndi kupinda mabuluku. Atamva mtengo wa mankhwala ku famase anatuluka osagula. Anadziuza kuti akachepetsa mchere ndi kutafuna adyo zitheka.

Sizinatheke. Mu April 1978 anagwa pa siteji ya basi, ndipo anthu osawadziwa ndiwo anawaitanira ambulansi. Kuchipatala, mayi wina wa ofesi yothandiza ovutika anakhala nawo pansi n'kuwalembetsa ku Medicaid, ndondomeko ya boma imene imalipira chipatala ndi mankhwala a anthu opeza zochepa. Poyamba alamu anakana kwamtuwagalu. Ankati sanadzere kupempha ku America, ali ndi manja awiri. Mayi uja anangowafunsa kuti akagwanso osadzuka, Sylvia adzamuperekeza ndani kusukulu. Anasaina.

Ndikufuna mumvetse chimene khadi limenelo linachita, chifukwa ena timalankhula za thandizo la boma titapinda mlomo. Mutu unasiya kuwawa. Miyendo inaphwa. Anabwerera pa makina. Sylvia anapeza magalasi a maso, Thomas anamaliza sekondale mayi ake ali pamzere wakutsogolo akululutira mpaka azungu kutembenuka. Alamu anga sanasiye kugwira ntchito tsiku limodzi chifukwa cha khadi. Khadilo ndilo linawathandiza kuti azidzuka kupita kuntchitoko.

Mu 1979 anadziwana ndi Mayi Edna Mulenga. Anawamva pamasitepe akukalipira mwana wawo Levy m'Chinyanja cha ku Lusaka, ndipo alamu anatuluka ndi mpeni wa anyezi m'manja kukafunsa kuti ameneyu ndani akulankhula Chichewa chokhota chonchi. Chinansi chinayambira pomwepo. A Edna ankakhala m'chipinda cha pamwamba pawo, nawonso akulera okha mwana. Ankagwira ntchito ziwiri, masana m'khitchini ya nyumba yosungira okalamba, madzulo kukolopa maofesi. Nawonso anali ndi BP, nawonso anali ndi khadi, ndipo atayerekeza mabotolo anapeza kuti piritsi lake ndi limodzimodzi. Ankadzitcha mapasa. M'mawa uliwonse a Edna ankatsikira kwa alamu, n'kumwera limodzi tiyi ndi mankhwala, kenako aliyense kukakwera basi yake.

Chaka cha 1981 ndicho chinachotsa mtendere m'nyumba imeneyo. Wailesi inayamba kunena kuti boma likufuna kudula ndalama za Medicaid ndi za thandizo la mabanja osauka. Malemu anasamutsira wailesi ija m'khitchini, ndipo sinkazima. Chingerezi cha owerenga nkhani chinkawathamangira, ndiye ankakoka Thomas kuti amasulire. Thomas akamasulira, ankati wabisa zina kuti asawadandaulitse, n'kuimba foni kwa ine ndisanasukusule. Ndikawauza kuti aphungu akukambiranabe, ankadula n'kuimbira wina. Ambiri muno munalandirapo foni imeneyo. Funso linali limodzi tsiku ndi tsiku, lakuti kodi adula liti, ndipo ayambira ndani. Khadi analichotsa m'chikwama n'kulisokera kathumba kovala m'khosi, ngati kuti odulawo abwera kudzalilanda ndi manja.

Kenako anamva kuti amene malipiro awo apitirire malire amene boma laika ndiwo achotsedwe. Mwini shopu uja, pokondwa ndi ntchito yawo, anafuna kuwawonjezera maola. Anakana. Anawapempha kawiri, anakanabe. Munthu amene chibadwire sanathawepo ntchito anayamba kubwerera kunyumba dzuwa lili pamutu, n'kumazungulira m'chipinda, kupukuta mawindo opukuta kale. Zinkawapweteka kwambiri, ndipo ankanena poyera kuti dziko lino lawasandutsa mlesi.

Lamulo latsopano linayamba kugwira ntchito mu October chaka chomwecho. Malemu anapulumuka, chifukwa malipiro awo anali pansi pa malire aja. A Edna, ndi ntchito zawo ziwiri zija, anapezeka kuti apitirira pang'ono, ndipo kumayambiriro kwa 1982 anauzidwa kuti khadi lawo latha. Ku ntchito zonse ziwiri kunalibe inshuwalansi. Anagula botolo limodzi ndi za m'thumba, mwezi wotsatira lendi inawapanikiza, ndipo sanagulenso. Sanauze munthu. Pa tiyi ankati mankhwala amwera kale kumtunda.

Alamu anga sanali munthu womubisira kanthu. Anaona kuti mnzawo akutsika atamanga mutu ndi nsalu mothina, maso ali psuu, ndipo akukwera masitepe atagwira khoma. Tsiku lina anangokwera okha osagogoda, kukatsegula kabati, n'kupeza botolo lilibe kanthu.

Apa ndipo pagona nkhani imene ena mwakhala mukuimva theka. Kwathu munthu akakupeza ukudya chinangwa, sumufunsa ngati ali ndi njala. Umanyema n'kumupatsa. Kufunsa n'chipongwe, ndipo kumeza wekha iye akuyang'ana n'chinthu chimene mayi ako sanakuphunzitse. Tonse muno tinaleredwa choncho. Tinkabwerekana mchere, moto, ngakhale mankhwala a malungo otsala kwa mwana wa mnzako. M'mawa wotsatira malemu anaika piritsi lawo pa thabwa lodulirapo ndiwo, kulidula pakati ndi mpeni, theka kuika pa sosala ya a Edna, theka kumwa iwo.

A Edna anakana. Ndikubwereza kuti amene ali kumbuyoko amve, a Edna anakana. Anakankha sosala n'kunyamuka kuti azipita. Pamenepo malemu anawauza kuti adokotala anena kuti BP yawo yatsika, theka likuwakwanira, ndipo theka linalo likangotayidwa. Linali bodza. Pa zaka zonse zimene ndawadziwa alamu anga, bodza lawo ndikudziwa limeneli lokha, ndipo analinena bwino mpaka mnzawo anakhulupirira. Kuyambira tsiku limenelo, chaka chathunthu, amayi awiriwa ankamwa piritsi limodzi.

Mtima wa malemu sunakhale pansi. Unangowonjezera mantha. Atapita ku kiliniki, namwino anapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri, n'kuwafunsa ngati akumwa mankhwala tsiku lililonse. Anayankha kuti inde, osaphonya. Adokotala anati abwerenso akawayeze zambiri. Sanabwerere. Zifukwa zake a Edna ndi Thomas azilumikiza pambuyo pake kuchokera m'zimene malemu ankalankhula. Choyamba, ankaopa kuti akawayeza magazi adziwa za kugawana kuja, n'kuwalanda khadi, onse awiri n'kutsala opanda kanthu. Chachiwiri, ankadziona ngati mlendo m'nyumba ya eni. Ankati chakudya chikachepa, eni nyumba amayamba kutopa ndi mlendo wodya kwambiri, ndiye amene amapitapita kuchipatala ndiwo adzayambe kuchotsedwa. Ankangotenga mankhwala ku famase n'kubwerera msanga, kuti boma lisawazindikire. Palibe lamulo linanena zimenezo. Koma wailesi inali ikunenabe za kudula kwina kukubwera, ndipo munthu wamantha amadzipangira malamulo ake.

M'miyezi yomaliza ya 1982 zizindikiro zinalipo. Ankatuluka kamfuno. Ankalephera kulowetsa ulusi mu singano, munthu amene ankalowetsa osayang'ana. Thomas akabwera kuchokera ku koleji ku Bowie n'kufunsa, ankamuuza kuti ndi nthunzi ya masimbi a kuntchito, asamale za mabuku ake. Kutchalitchi sanajombe, kwaya ya amayi sanajombe, ndipo akafunsidwa za moyo ankayankha mofulumira kuti ali bwino, kaya inu, n'kuyamba kufunsa za ana anu mmodzimmodzi mpaka mwaiwala kuti munafunsa ndinu.

Lachinayi pa 3 March chaka chino cha 1983, m'mawa, akusita diresi la Sylvia, anagwa. A Edna ndiwo anawapeza potsikira tiyi. Kuchipatala anati mtsempha wa m'mutu waphulika. Mbali ya kumanja inafa, ndipo mawu anatsekeka. Namwino anapeza kathumba kaja m'khosi mwawo. Khadi linali lamoyo. Silinadulidwepo, ndipo panalibe amene analemba dzina lawo kuti lidulidwe. Linalipira ambulansi, linalipira bedi, linalipira makina onse amene anawazungulira. Likanalipiranso ulendo uja wa ku kiliniki umene anauthawa.

Patapita masiku anatsitsimukako, n'kumatha kumeza pang'ono. Tsiku lina masana namwino anabweretsa mankhwala m'kakapu, ine ndi Thomas tili pomwepo, a Edna atakhala m'mbali mwa bedi. Malemu anayang'ana kakapuko, n'kuyang'ana a Edna. Kenako ndi dzanja lamanzere, lokhalo limene linkagwira, anakankhira kakapuko kwa a Edna. Namwino anakabweza. Anakakankhanso, akutulutsa mawu osamveka, nkhope itakwiya monga ankachitira mlendo akakana chakudya. A Edna anagwada pansi n'kulira mokweza, ndipo m'kulirako ndi mmene tinamvera zonse ndakuuzanizi. Adokotala a ku kiliniki kuja atafufuza m'mabuku awo anatiuza kuti sananenepo za theka, ndipo theka limenelo silinkateteza aliyense wa awiriwo. Apo m'pamene a Edna anadziwira kuti ananamizidwa.

Matenda anabwereranso mwamphamvu, ndipo Lolemba pa 14 March m'mawa malemu anatisiya, ali ndi zaka 43.

Tsopano banja likuti chonchi. Alamu analakwitsa, ndipo sitibisa. Mankhwala sagawana, adokotala atipempha kuti tinene zimenezi pamaso panu, ndipo tanena. Koma a Edna alibe mlandu, ndipo amene ali ndi mawu okhudza iwo abwere nawo kwa ine. Chimene chikundiwawa, ndipo chikundiwawa zedi, n'chakuti amayi awiri ogwira ntchito anaikidwa patsogolo pa botolo limodzi. Kutsidya kwa mtsinje uko, ku likulu la dziko lino, m'maofesi a boma amene ena mwa iwo a Edna amakolopa, anthu amanena mawu oti kudula ngati akunena za udzu wa pabwalo. Wina anamudula ndi lamulo, winayo anamudula ndi mantha chabe. Nkhani yodula sinathe, ikumvekabe. Ena muno mumagwira ntchito m'maofesi amenewo, ena muli ndi ufulu wovota, ena mumalemba Chingerezi chimene aphungu angawerenge. Musadikire maliro ena. Ndipo ngati pali wina muno amene khadi lake latha, kapena akudumphitsa mankhwala, anene lero kwa abusa kapena kwa ine. Zakuti tili bwino zatikwana.

Malemu asiya ana awiri, Thomas amene ali ku koleji, ndi Sylvia wa zaka zisanu ndi zinayi, amene kuyambira lero akhala ndi ife ku Bowie. Kumudzi asiya mlongo wawo Bambo Ferdinand Chisale ku Ntcheu, ndi mng'ono wawo Mayi Martha ku Lilongwe, amene uthenga wawapeza koma sanathe kubwera. Asiyanso mnzawo Mayi Edna Mulenga, amene banja likuwawerengera pamodzi ndi abale.

Tikuthokoza abusa ndi mpingo wonse, amayi a kwaya amene agona pa siwa sabata yonse, abale athu a ku Zambia amene anyamula maliro ano ngati awo, ophunzira a ku College Park amene athamanga ndi magalimoto, madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, ndi mayi uja wa ofesi yothandiza ovutika amene dzina lake sitikulidziwa. Nonse amene mwapereka chipepeso, Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Chatsala chimodzi. Kuyambira m'mawa umene alamu anagwa, a Edna sanamwe mankhwala alionse. Otsala a malemu akana kuwakhudza, ndipo achita bwino. Akhala apo, mutu womanga, ndipo khadi alibe mpaka lero. Bambo Patson a mumpingo muno avomera kuwatengera ku kiliniki Lolemba m'mawa, koma Lolemba ndi tsiku limodzi, ndipo matendawa ndi a moyo wonse. Tikachoka kumanda, abambo ndi amayi a mpingo musabalalike. Tikhale pansi tigwirizane za mwezi wamawa ndi miyezi yotsatira.

Mzimu wa Mayi Ellen Kalekeni, aNachisale, uuse mumtendere wa Ambuye. Tikupempha choncho ndi mtima wonse. Koma alamu anga ndimawadziwa. Sapumula mpaka atamva kuti a Edna amwa piritsi lathunthu.

Zikomo.